Injini Yokana Kutsika: Ulendo wa Njinga Zakale m'Chigwa cha Shire

Msewu wochoka mumzinda wa Blantyre kupita ku Chikwawa ndi waufupi, makilomita pafupifupi 50 okha, koma umalumikiza madera awiri osiyana kutalitali. Kumtunda kuli kamphepo kayaziyazi ka kumapiri, pamalo okwera mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja yamchere. Kumunsi kuli Chigwa cha Shire, chimene pa Chikwawa n'chokwera mamita pafupifupi 100 basi, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwake kumatha kudutsa madigiri 40. Pakati pa madera awiriwa pali mtsetse wautali wokhotakhota, umene madalaivala a malole amautsika pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro. Munthu akaima pa ina mwa ngodya zake amaona chigwa chonse chitayalika ngati mphasa: mtsinje wa Shire ukunyezimira, minda ya nzimbe itabiriwira cha kummwera, ndi milambe itaima apo ndi apo.

Kwa woyendetsa njinga yamoto, mtsetse umenewu ndi mayeso. Wodziwa msewu sadalira mabuleki okha. Amalowetsa giya yachiwiri kapena yachitatu n'kubweza moto, kuti injini izigwira njinga payokha pamene akuyandikira ngodya. Koma pali njinga zina, makamaka zakale, zimene injini yake imakana kutsika ngakhale dzanja litabweza moto wonse. Imangolirabe mokweza, n'kumakankhira njinga kutsogolo pamalo pamene imayenera kuigwira. Zikatero ntchito yonse imagwera mabuleki, ndipo mabuleki a njinga zakale akatentha kwambiri amafooka. Vuto limene mumzinda limamveka ngati phokoso chabe, pamtsetse uwu limakhudza moyo wa munthu.

Amakaniko amalitchula vutoli ndi mawu achingerezi akuti high idle. Idle ndi kulira kwa injini pamene njinga yaima ndipo woyendetsa sakuipatsa moto. Injini yabwinobwino ya silinda imodzi, ya kukula kwa 125cc, imazungulira maulendo pafupifupi 1,400 pamphindi ikakhala pa idle, ndipo kulira kwake kumamveka modukizadukiza ngati kusinja kwa amayi awiri pamtondo umodzi. Ikadwala imazungulira mowirikiza kawiri kapena kupitirira apo, mwinanso imakwera bwino koma n'kumachedwa kubwerera pansi. Kupeza chimene chayambitsa zimenezi ndi luso lapadera, ndipo Chigwa cha Shire ndi amodzi mwa malo amene lusoli limafunika tsiku ndi tsiku.

Pa Thabwa: njinga zimene sizinapume

Mtsetse umathera pa Thabwa, pamene pali chipata cha apolisi ndi mphambano. Msewu wa M1 umapitirira kukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, pamene wina umapatukira kumanzere kutsata gombe la kum'mawa kwa mtsinje, kulowera ku Nkhate, Masenjere ndi Fatima. Popeza aliyense amachepetsa liwiro pamenepa, munthu wa khutu lakuthwa amatha kusiyanitsa njinga yathanzi ndi yodwala asanaione n'komwe. Yathanzi imafika n'kudekha. Yodwala imaima thupi lokha, injini ikubangulabe, ndipo mwini wake akamalowetsa giya yoyamba pamamveka kugunda kwa zitsulo, njinga n'kudumphira kutsogolo.

Njinga zambiri zodutsa pano masiku ano ndi zatsopano, za ku China ndi ku India, zimene anyamata a kabaza amanyamulira anthu, mbuzi ndi matumba a mpunga. Koma pakati pawo pamadutsanso nkhalakale: Yamaha AG100 ndi AG200, Yamaha DT125, Honda XL125 ndi CG125, komanso Suzuki TF125. Izi ndizo njinga zimene kwa zaka zambiri maboma ndi mabungwe m'chigawo chino cha Africa ankagulira alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a ziweto. Zina zidakali pantchito yomweyo. Zina zinagulitsidwa ntchito za chitukuko zitatha, ndipo lero zili m'manja mwa aphunzitsi, abusa ndi ogula thonje.

Kuti njingazi zafika lero si mwayi ayi. Njinga za mtundu wa AG anazipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake tcheni chake n'chotchinga kuti matope asachifike. Nayo CG125 inapangidwa m'zaka za m'ma 1970 akatswiri a Honda ataona kuti m'maiko osauka njinga zimasenza katundu wopitirira muyeso ndipo oyilo sasinthidwa panthawi yake. Anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza, ndipo injini zambiri za njinga za kabaza lero zinatengera kapangidwe komweko. Komabe chitsulo chimapirira kuposa mphira, ndipo matenda ambiri a njinga yakale amayambira pa tizipangizo tating'ono tamphira, pa timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndi pa masipuling'i otopa.

Pa Dyeratu: kufunsa kaye, sipanala pambuyo

Ukawoloka mlatho wa Kamuzu umafika pa Dyeratu, pamene njira yopita ku boma la Chikwawa imasiyana ndi yopita ku Nchalo. Monga m'misika ina yonse ya m'mbali mwa msewu uwu, galaja ya njinga pano ndi mthunzi wa mtengo kapena khonde la sitolo, bokosi la masipanala ndi beseni lotsukira zitsulo. Amisiri a m'malo otere ali pawiri. Pali ena amene akamva injini ikulira mokweza amangotenga sikuludiraiva, kubweza sikulu ya idle, n'kulandira ndalama. Ndiye pali ena amene amayamba ndi mafunso: Kodi zayamba liti, bambo? Imatero ikangolizidwa m'mawa kapena ikatentha? Inaimikidwa miyezi ingati? Alipo amene anatsegula kabuleta posachedwapa?

Mafunsowa ali ndi maziko ake. Kabuleta ndi chipangizo chimene chimasakaniza mpweya ndi petulo injini isanameze, ndipo muyeso woyenera ndi magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. M'kati mwake muli chitseko chachitsulo chotchedwa slide, chimene chimakwera woyendetsa akapatsa moto ndi kutsika akabweza. Pa idle chitsekochi chimatsala pang'ono kutsekeratu, ndipo injini imakhalira kampweya kochepa kodutsa pansi pake. Motero injini ikamalira mokweza, zifukwa zikuluzikulu zimakhala zitatu: chitseko sichikutsika mpaka pansi, mpweya ukulowera pena pamene suyenera kulowera, kapena moto wa pulagi ukuthetheka nthawi isanakwane. Sikulu ya idle imangokweza kapena kutsitsa chitsekocho. Kuibweza musanadziwe gwero la vuto kuli ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira ndi malungo.

Mmisiri wodekha amayambira kunja, pa zinthu zosafuna kumasula kanthu. Injini itazimitsidwa, amapotokola chopatsira moto n'kuchisiya, akumvetsera ngati chitseko chikugwa ndi kakuti "tha" m'kati mwa kabuleta. Chikamatsika mwaulesi, ndiye kuti kebulo yayamba kuthothoka, yauma, kapena fumbi lamata m'mbali mwa chitseko. Kenaka amayesa ngati chopatsira moto chili ndi mpata wosewera, mamilimita 2 mpaka 6, kebulo isanayambe kukoka. Akatero amaliza injini n'kutembenuza mahandulo kumanja ndi kumanzere. Kulira kukasintha potembenuza, kebulo yadutsa molakwika kapena ndi yaifupi, monga zimachitikira pamene kebulo ya njinga ya mtundu wina yaikidwa chifukwa yeniyeni sinapezeke. Pomaliza amaona ngati choko, chimene chimawonjezera petulo poliza injini yozizira, chikubwerera m'malo mwake. Njinga zambiri zimachira pomwepa, popanda kugula chilichonse.

Ku Nchalo ndi ku Ngabu: mpweya wolowera kuseri

Kuchoka pa Dyeratu msewu umawongoka n'kulowa m'dziko la nzimbe. Minda ya ku Nchalo, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, imakhala yobiriwira chaka chonse chifukwa cha madzi opopedwa mu Shire, koma kunja kwa mindayo nthaka imachita kung'ambika ndi dzuwa. Ku Ngabu, kumene kuli likulu la ntchito za ulimi m'chigwachi, ng'ombe zimaunjikana pansi pa mitengo masana, ndipo mpando wa njinga yosiyidwa padzuwa sukhalika. Kutentha kotereku ndi mdani wa mphira.

Pakati pa kabuleta ndi injini pali kakhosi kamphira kamene kamalumikiza ziwirizi. Mbali imodzi kamawotchedwa ndi injini, mbali ina ndi dzuwa, ndipo tsiku lonse kamagwedezeka ndi mabampu. Pakapita zaka kamauma n'kuchita ming'alu, kawirikawiri kunsi kumene diso silifika. Injini ikamakoka, mpweya umalowera m'ming'aluyo osadutsa pa chitseko, ndipo zimakhala ngati munthu wosaoneka akupatsa moto pang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti mpweya wolowera kuseriwu subwera ndi petulo wake, choncho chisakanizo chimasukuluka ngati thobwa lothiridwa madzi. Chisakanizo chosukuluka chimatenthetsa injini kuposa muyeso.

Matendawa ali ndi zizindikiro zake. M'mawa injini imavuta kulira ndipo imafuna choko nthawi yaitali. Ikatentha imayamba kukwera yokha. Mukaipatsa moto n'kubweza, imakakamira pamwamba kwa masekondi angapo isanatsike, ndipo nthawi zina imaphulikaphulika mu ekizozi. Apa mpamene mwini njinga amagwa mumsampha: masana amabweza sikulu kuti phokoso lichepe, m'mawa injini imangozima, ndiye amaikwezanso. Amatha chaka chathunthu akuvina gule ameneyu pamene mng'alu ukukulirakulira.

Njira yopezera mng'alu ndi yosavuta. Injini ikulira, mmisiri amawaza madzi pang'ono pa kakhosi kaja ndi m'malumikizidwe ake onse, malo amodzi panthawi imodzi. Madzi akatseka mng'alu kwa kanthawi, kulira kumasintha, ndipo wakuba wagwidwa. Ena amapaka girizi pamalo amene akukayikira, n'kumvetsera ngati injini yatsika. Alipo amene amawaza petulo, ndipo njirayi imaonetsadi msanga, koma petulo pafupi ndi ekizozi yotentha ndi kebulo ya pulagi angayatse njinga ndi mmisiri yemwe. Pamalo pamene palibe chozimitsira moto, madzi ndiwo nzeru. Mng'alu ukapezeka, kukulunga ndi malegeni kumafikitsa munthu kunyumba, koma si mankhwala. Kakhosiko kamayenera kusinthidwa, pamodzi ndi gasiketi kapena kamphete kamphira kamene kali pamalumikizidwe.

Kutsika kwa chigwa nako kumathandizira. Mpweya wa kumunsi ndi wothinana kuposa wa kumapiri. Mphamvu yake imasiyana ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 alionse, ngakhale kuti kutentha kumachepetsako kusiyanaku. Njinga imene inakonzedwa ku Blantyre kapena ku Dedza ili kale m'malire mwa kusukuluka, ikatsikira ku Ngabu imameza mpweya wochuluka pa petulo yemweyo, ndipo vuto limene linali lobisika limaonekera poyera. Alangizi osamutsidwa kuchoka kumtunda pamodzi ndi njinga zawo amachita bwino kukaiyezetsanso akangofika.

Petulo, fumbi ndi matope

Ngati mpweya sukulowera kuseri, mmisiri amatembenukira ku petulo. Pa idle, petulo amadutsa m'kachubu kamkuwa kotchedwa slow jet, kamene bowo lake silifika ngakhale theka la milimita. Kanjere kamodzi ka mchenga kamakwanira kulitseka. Likatsekeka mwatheka injini imazimazima, ndipo mwini wake amakweza sikulu ya idle kuti isazime. Chitseko chikakwera motero, injini imayamba kukoka petulo m'njira yaikulu imene inapangidwira liwiro, ndipo ikatentha imathawa. Kunja kumaoneka ngati injini ili ndi mphamvu zochuluka, pamene zoona zake n'zakuti ili ndi njala.

M'Chigwa cha Shire zotseka kabowoka n'zambiri. M'chilimwe fumbi la m'misewu ya kumidzi limalowa paliponse, makamaka pamene sefa ya mpweya yang'ambika, yauma yopanda oyilo, kapena inachotsedwa kalekale. Fumbi lomwelo limapala chitseko cha kabuleta mpaka chimayamba kugwedera n'kumadutsitsa mpweya m'mbali. M'dzinja kumabwera madzi. Chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anawononga damu la magetsi la Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, onsewa anamiza midzi ndi misewu ya m'chigwachi. Njinga imene yamira kapena yawoloka madzi amatope imasunga dothi losalala m'kabakuli ka pansi pa kabuleta, ndipo dothilo limatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi.

Palinso nkhani ya petulo weniweniyo. Malo omwetsera mafuta m'chigwachi ndi otalikirana, ndipo m'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira mu 2022, eni njinga ambiri anazolowera kugula petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala. Thanki yakale nayo imakhala ndi dzimbiri lake. Kuwonjezera apo, dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo imodzi mwa mafakitale ake, ya PressCane, ili pa Dyeratu pomwepo, kumene amapanga ethanol kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga. Ndondomekoyi imapulumutsa ndalama zakunja, koma mwini njinga yakale ayenera kudziwa khalidwe la ethanol: amakoka chinyezi, ndipo mphira zina zakale sizigwirizana naye. Njinga ikaimikidwa miyezi iwiri kapena itatu, monga zimachitikira pamene ikudikira tayala kapena chilolezo cha ku ofesi, petulo wa m'kabakuli amauma n'kusiya utomoni umene umamata timabowo. Kutseka tapu ya petulo ndi kukhuthula kabakuli musanaimike njinga kumapewetsa zonsezi.

Kutsuka kabuleta kumafuna ulemu. Mmisiri wabwino amayala nsalu yoyera, amamasula chimodzichimodzi, ndipo slow jet amaiyang'ana moloza kudzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa mozungulira bwino. Amaitsuka ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo woyera, n'kuipopa ndi pampu ya njinga. Ikakanika amadutsitsa ulusi umodzi wa waya wofewa wamkuwa. Singano kapena waya wachitsulo zimakulitsa bowo, ndipo likakula silibwereranso. Amayezanso fuloti, kachipangizo koyandama kamene kamasunga mlingo wa petulo m'kabakuli, pakuti mlingo ukatsika chisakanizo chimasukulukanso.

Pamene kabuleta ilibe mlandu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina kabuleta imatsukidwa kawiri katatu koma injini osasintha, chifukwa gwero lili kwina. Njinga za m'ma 1970 zokhala ndi mapoyinti, monga Honda XL125 yoyambirira, zili ndi timiyala tiwiri tachitsulo timene timatambasuka injini ikathamanga, kuti moto wa pulagi uzithetheka mofulumirirako. Injini ikatsika, timasipuling'i timabweza timiyalato. Timasipuling'ito tikatopa, kapena dzimbiri likagwira pozungulira pake, moto umapitiriza kuthetheka msanga ndipo injini imakakamira pamwamba. Chizindikiro chake n'chakuti mukaikakamiza kutsika, mwa kusiya kilatchi pang'ono buleki itagwidwa, imatsika n'kukhala pansi mpaka mutaipatsanso moto. Kutsuka ndi kadontho ka oyilo nthawi zambiri zimakwanira. Njinga za pambuyo pake zili ndi kabokosi ka magetsi kotchedwa CDI m'malo mwa mapoyinti, ndipo vutoli silizigwira kawirikawiri.

Pa injini zokhala ndi mavalavu, monga AG200 ndi CG125, mpata wa mavalavu umayenera kuyezedwa injini ili yozizira. Mpata ukachepa kwambiri valavu sitseka bwino injini ikatentha, idle imasokonekera, ndipo palibe sikulu imene ingaikhazikitse.

Zoopsa kwambiri zili pa injini za two-stroke, zimene zimatentha oyilo pamodzi ndi petulo, monga AG100, DT125 ndi TF125. M'njinga zimenezi chisakanizo chimayamba chadutsa m'mimba mwa injini chisanakwere ku pisitoni, ndipo mimbayo imatsekedwa ndi timphete tiwiri tamphira, kumanzere ndi kumanja. Ka kumbali ya magetsi kakatha, injini imakoka mpweya wakunja n'kuyamba kuthawa. Ka kumbali ya kilatchi kakatha, imakoka oyilo wa m'magiya n'kumafuka utsi wambiri. Two-stroke yoyenda ndi chisakanizo chosukuluka m'dzuwa la ku Ngabu sichedwa: pisitoni imatentha mpaka kugwirana ndi silinda kapena kubooka pamutu. Kamphete kotsika mtengo kakanyalanyazidwa, mapeto ake ndi injini yonse.

Zonse zikakonzedwa, mpamene sikulu zimakhudzidwa. Injini imayamba yatenthetsedwa poyenda mphindi khumi. Sikulu ya chisakanizo imalowetsedwa mofatsa mpaka itagunda, osaikanikiza, kenaka n'kubwezedwa monga buku la njingayo likunenera, kawirikawiri kuzungulira kamodzi ndi theka kapena kawiri. Pamafunika kudziwa mtundu wake: ikakhala kumbali ya sefa ya mpweya, kuitulutsa kumawonjezera mpweya, koma ikakhala kumbali ya injini, kuitulutsa kumawonjezera petulo. Mmisiri amaisuntha pang'onopang'ono kufuna pamene injini ikulira mosalala, ndipo akapapeza amatsitsa idle ndi sikulu inayo. Umboni womaliza uli pa pulagi njinga itayenda: yofiirira ngati mtedza wokazinga ndiye kuti zili bwino, yoyera ngati phulusa ndiye kuti injini idakali ndi njala, yakuda ngati mwaye ndiye kuti petulo wachuluka.

Ku Bangula ndi kutsidya

Pa Bangula mpamene phindu la zonsezi limaonekera. Kuyambira mu 1997, pamene madzi anadula njira ya ku Chiromo, anthu opita ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya akhala akudalira mabwato, kapena kuzungulira ulendo wautali kudzera ku Thabwa. Kumpoto kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, ndipo kummwera msewu umapitirira ku Nsanje mpaka ku Marka, pamalire ndi Mozambique. M'midzi ya Amang'anja ndi Asena imene ili kutali ndi tala, galimoto imafika m'chilimwe chokha. Katemera wa ana, magazi ndi makhololo opita kukayezedwa kuchipatala chachikulu, uphungu wa tizilombo ta thonje ndi mankhwala a ng'ombe, zambiri mwa zimenezi zimayenda pa matayala awiri. Pamene kolera inabuka m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, mliri waukulu wa nthendayi m'mbiri ya Malawi, liwiro lofikitsa uthenga ndi mankhwala m'madera otere linali nkhani ya moyo ndi imfa.

Mlangizi amalandira malita owerengeka pamwezi. Injini yolira mokweza imamwa ena mwa malitawo njinga itaima, imadya kilatchi ndi magiya pa kunyamuka kulikonse, ndipo mumchenga kapena pa kamlatho ka mitengo, pamene pamafunika kuyenda mwakachetechete, imakhala yosalamulirika. Koma chachikulu n'chakuti kulirako ndi chenjezo. Njinga imene ikuchenjeza lero ingakonzedwe ndi ndalama zochepa. Ikasiyidwa imakathera kuseri kwa ofesi, pamene pali kale zinzake zophwa matayala, ndipo midzi imene inkayenderedwa mwezi uliwonse imayamba kudikira.

Phunziro limeneli si lachilendo m'chigawo chino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga Randy Mamola anaona kuti njinga zoperekedwa kwa ogwira ntchito zaumoyo mu Africa zinkafa zikadali zatsopano chifukwa chosowa chisamaliro wamba. Anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene linagwira ntchito ku Lesotho, Zimbabwe, Gambia, Zambia, Malawi ndi maiko ena, ndipo linatsegula sukulu yophunzitsa kasamalidwe ka njinga ndi magalimoto ku Harare. Mfundo yake inali yakuti woyendetsa aziyang'ana zinthu zisanu m'mawa uliwonse asananyamuke: petulo, oyilo, kulimba kwa tcheni ndi makebulo, manati ndi mabawuti, ndiponso mabuleki ndi matayala. Kenaka makaniko wophunzitsidwa aziiona njingayo mwezi ndi mwezi, n'kusintha zipangizo zisanawonongeke.

Mabungwe ambiri amaona chapafupi kulemba njinga yatsopano mu bajeti kusiyana ndi kulembamo kakhosi kamphira, sefa ya mpweya ndi tsiku limodzi la maphunziro. Komatu njinga zatsopano zimene zikulowa m'chigwachi, zambiri zidakali za kabuleta, ndipo fumbi la ku Ngabu ndi matope a ku Makhanga sizisankha chaka chimene njinga inapangidwa. Maboma ndi mabungwe amene amatumiza antchito awo kumidzi angachite zinthu zitatu zosadula: kuphunzitsa woyendetsa aliyense kuzindikira injini yokana kutsika ndi kuinena msanga m'malo mobweza sikulu, kusunga pa boma lililonse tizipangizo tamphira ndi makebulo oyenera mtundu wa njinga zawo, ndi kupangana ndi amisiri a m'misika ya Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula amene asonyeza kuti amafufuza asanamasule. Amisiri otere alipo kale, ndipo anyamata amene amawagwirira masipanala akuphunzira poonera. Akapatsidwa buku la njinga, zoyezera mpata wa mavalavu ndi ntchito yokhazikika, AG200 ya zaka makumi atatu ingathe kufikitsabe katemera ku Marka dzuwa lisanafike paliwombo.